Magazi Aja Sanali Utoto

Akulu a pulogalamuyi, dzina langa musatchule. Ndimalima fodya ku Namwera, ndipo sindibisa, ndine wamtima wapachala.

Lamulungu lina masana ndinkaonera kanema woopsa, anthu akukhapana ndi zikwanje. Mkazi wanga, amene anabwera kuno ali mwana pothawa nkhondo ku Mozambiki, anangolowa n'kuzimitsa TV.

Ndinakalipa. "Iwe, mutu ukuyenda? Magazi amenewo ndi utoto chabe!"

Anayankha chapansipansi, "Abambo, magazi a bambo anga sanali utoto. Anawakhapa chomwecho ine ndikuona."

Zaka makumi awiri tili m'banja, ndinali ndisanamufunsepo za kwawo. Ndinapepesa, TV ndinagulitsa. Koma mpaka lero ndikayamba kunola chikwanje cha kumunda, amakadzitsekera kuchipinda. Azibambo anzanga, muzifunsa musanakalipe.