Tenshona ya Galimoto ya Mkwatibwi

Pasiteji ya minibasi ku Biwi, bambo wina wa jekete ankangotembenuza kachitsulo m'manja, thukuta lili kamukamu. Bambo wachikulire amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Achimwene, kachitsulo kameneko n'kachiyani?"

"Tenshona, abambo, yokungira tcheni cha mu injini. Galimoto yanga ndi yakalekale, ija yaifupi yopanda denga. Ndikailiza m'mawa, tchenicho chimasokosa ngati miyala m'chitini."

"Ndiye mwapeza yake yeniyeni?"

"Mu Lilongwe monse muno mulibe. Iyi ndi ya pikapu. Amakaniko akuti akangoipala pang'ono ilowa."

"Ikapanda kugwira?"

"Tcheni chikangodumpha dzino limodzi, injini yathera pomwepo. Chonsecho Loweruka ndikanyamula mkwatibwi, dzina lake Elube, kuchokera ku Chilinde mpaka ku Likuni. Mtima wanga suli m'malo."

"Eni ukwati mwawauza?"

"Ndiyambira pati? Galimotoyo anaikonda pachithunzi. Phokosolo mahutala adzabisa. Bola malume ake a Elubeyo asamve, akuti ndi munthu wovuta."

Wachikulire uja anakayang'anitsitsa kachitsuloko, kenako mwiniwake.

"Kuvuta sindivuta, achimwene. Koma mwana wa mlongo wanga sakankha galimoto atavala velo."