Galu wa Mapiko

"Amayi, kodi agalu nawonso amapita kumwamba?"

Funso la mwana wakeli linkamuvutitsabe mayi wosoka zovala pamene anapeza neba wake, wometa tsitsi, pa siteji ya basi.

"Pepanitu aneba, za galu wanu uja. Mwana anamuona pa foni ali ndi mapiko, m'mitambo. Mwanayo chakudya akukana."

"Ndani, galu wanga Dziwazako? Ndamusiya akutafuna silipasi yanga. Chithunzicho n'chopangidwa ndi AI pa kompyuta, chokopera anthu kuti azionera mavidiyo anga ometa."

"Ndiye mpaka kumupha galu?"

"Mapikowo sindinawapemphe n'komwe. Ine ndinangolemba kuti aoneke wokongola."

Mayiyo anaseka, mtima utakhala pansi. "Koma ndikakamuuza ndekha sakakhulupirira."

"Ndikaweruka ndibwera naye pakhomo panu, adzamukoke mchira yekha."