Agogo Anga Sanali Mfiti

Abusa, ndakupatsani moni. Akulu a mpingo, amayi, abambo, achinyamata kumbuyoko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi aleluya ya anthu osamwa tiyi. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Ena mwayamba kale kuyang'ana pansi chifukwa mukudziwa zimene ndinene. Dzutsani nkhope. Lero ndiyankhula.

Amene mwabwera ku Bangwe kuno posachedwa simukuwadziwa agogo anga, a Delifa. Ndi amene anandilera mayi anga atamwalira. Ankagulitsa zitumbuwa pa siteji, koma ntchito yawo yeniyeni inali yosambitsa maliro. Zaka zija matenda atavuta, anthu akuopa ngakhale kapu ya wodwala, agogo ankanyamula beseni, sopo ndi nsalu, n'kumagogoda m'makomo. Osafunsa kuti uyu ndi wa mpingo uti. Lachinayi lililonse yunifomu ya amayi ili pathupi, ulendo wokaona odwala. Amayi inu, ndikunama? Yankhanitu, ndikunama?

Ndiye ukalamba unafika, mutu unayamba kusokonekera. Ankandiitana dzina la mayi anga. Ankathira mchere mu tiyi. Adokotala anati ndi matenda oiwala, amagwira okalamba ambiri. Tsiku lina m'mawa ine ndili kotunga madzi, agogo anatuluka ndi beseni lawo n'kukagogoda kwa aneba athu, amake Chisomo. Akuti, "Odi! Ndabwera kudzasambitsa maliro." Pakhomopo panalibe maliro. Anthu anaseka, ine ndinapepesa, n'kuwabweza kunyumba.

Patangotha sabata imodzi, bambo a Chisomo anagundidwa ndi minibasi, n'kufera pomwepo.

Basi abale anga, dzina linasintha. Amene munkawatchula kuti mayi wathu anasanduka mfiti. "Anadziwa bwanji? Anadziwa bwanji?" Miyala padenga pathu, masana dzuwa likuswa mtengo. Ana kuletsedwa kudutsa pakhomo pathu. M'tchalitchi mom'muno, benchi imene ndinkakhala ndi agogo inkatsala yokha ngati angoipaka penti. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinakwiyira inu, ndinakwiyiranso Mulungu.

Agogo anamwalira miyezi itatu yapitayo, Lachiwiri m'mawa, atatsamira pachifuwa panga. Ndinathyola masamba ndekha n'kuyala pamsewu monga timachitira, kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Wina anawakankhira mu ngalande. Ndinayalanso. Pofika masana, palibe anabwera. Nyimbo ayi, wosonkha moto ayi. Maliro a munthu amene anasambitsa theka la Bangwe!

Amalume anafika kuchokera ku Zingwangwa, anayang'ana bwalo lili mbee. Akuti, "Mwanawe, tisadzivute. Tipeze galimoto, tikawaike kumudzi ku Nsanje mwakachetechete."

Ndinati, "Amalume, ndimakulemekezani, koma agogo si katundu wakuba. Atuluka pakhomo pano anthu akuona, atavala yunifomu yawo, akuwaimbira."

Akuti, "Awasambitsa ndani? Awaveka ndani? Iwe ndiwe mwana wa m'nyumba, sugwira ntchito imeneyo."

Ankanena zoona, mwambo ndi umenewo. Ndinalowa kuchipinda n'kugwada. Pemphero langa silinali lokongola, abale. Ndinati, "Ambuye, wantchito wanu ndi uyu wagona apayu. Akachita manyazi, manyaziwo ndi anunso." Nditadzuka, miyendo inanditengera pa mpopi pamene amayi anali pamzere ndi zidebe. Ine amene ndimaopa ngakhale kuyambitsa kolasi, ndinaima n'kukuwa. "Inu, mayi anu anawasambitsa ndani? Inu apo, mwana wanu uja abale anamuthawa, anamutseka maso ndani? Ndi mfiti? Ngati ndi mfiti, n'chifukwa chiyani munkathamangira kwawo?" Madzi akusefukira m'chidebe, wotseka mpopi palibe.

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ndaonjeza moto. Sipanathe ola, ndinamva odi. Kutuluka, ndi amake Chisomo, namfedwa uja, akadali mu zakuda. Ndinaganiza kuti abwera kudzanditukwana. Koma anagwada pakhomo akulira.

Akuti, "Achemwali, ine ndinkadziwa. Apongozi anga anafera m'nyumba yathu ija kalekale, ndipo anawasambitsa ndi agogowa. Tsiku lija mutu wawo unangobwerera kumeneko. Anatchula ndi dzina la apongozi anga lomwe, ndinamva ndi makutu angawa. Koma amuna anga atapita, mtima unkafuna munthu womuloza chala, ndiye ndinakhala chete. Nditenthetsereni madzi."

Mukundimva kumbuyoko? Amene dera lonse linkati agogo anawadyera mwamuna, ndi amene anawasambitsa! Ndi amene anawamanga duku! Anthu atamva, anayamba kubwera, awiri, atatu, ena akuzemba m'mbali mwa mpanda ngati nkhuku yonyowa. Abusa, inu munali paulendo, munafika mawa lake n'kupeza msewu watsekeka ndi anthu. Amalume anasowa ndi pokhala pomwe. Agogo anatuluka atavala yunifomu, amayi atandanda mbali zonse, nyimbo ikumveka mpaka ku siteji. Mulungu ameneyu sagona!

Sindinabwere kudzatchula maina. Ndakhululuka, ngakhale pamtima pakuwawabe. Koma mvetserani. M'dera muno mukadali okalamba amene mitu yawo yayamba kuiwala. Wofuna kuwatolera mwala ayambe wathana ndi ine. Ndipo sabata yatha ndalowa gulu la amayi osambitsa maliro. Inu amene munagenda denga lathu, inu amene munakankha masamba aja, tsiku lanu likadzafika ine ndili moyo, ndidzabwera. Ndidzakusambitsani ndi madzi ofunda, bwinobwino, ndi ulemu wonse, ndipo palibe adzandiletse.

Zikomo Yesu pondichotsera chitonzo. Zikomo abusa. Amake Chisomo, muli apo, musabise nkhope, Mulungu akudalitseni. Tsopano imirirani nonse, ngakhale inu amene mumayang'ana pansi aja. Amayi, nthungululu zija munawamana agogo ali moyo, ndikuzifuna lero. Kondwerani nane, ndipo munene mokweza, amve ndi a panja omwe: a Delifa anali mtumiki wa Mulungu! Aleluya!