Nkhata ya Machubu ya Amai Sophia Daka

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961 ku Kaumbwe, m'boma la Petauke. Dzina lao ndi amai Sophia Daka. Ine ndine Goodness, mdzukulu wao. Sindinazolowele kulankhula pagulu, choncho mundipilile.

Sukulu anayamba mu 1969, nalekela giledi 7. Mu 1982 anakwatiwa ndi bambo Wilbroad Daka, okonza njinga, nasamukila kuno ku Nyimba. A Daka atamwalila mu 2009, anasiya pampu, masipanala ndi matumba atatu a machubu otha. Ambuya anakana kuwataya.

Kuyambila mu 2011, Loweluka lililonse ankaitana ana pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba. Ankawaphunzitsa kutsuka machubu ndi sopo, kudula malegeni opyapyala ndi sizasi, n'kulukila malamba, tizikwama ta mapensulo ndi zopondela pakhomo. Mwana akadula mokhota sankamukalipila, ankangomupatsa chubu china. Ena ankawatcha amai a kudzala. Ambuya ankamva, koma sanaleke.

Matenda a shuga anawapeza mu 2021. Mu Epulo chaka chino, miyendo itatupa, anaphunzitsabe ali pamphasa, ndipo phunzilo lomaliza linali la maluwa. Anatisiya pa 3 Meyi 2025 m'chipatala ku Petauke.

Akuluakulu, ndikhululukileni pa ichi. Mailo pamsonkhano wa banja kunamveka kuti nkhata imene ana aja aluka ndi yakuda, itichititsa manyazi pamaso pa alendo a ku Lusaka. Ana anafufutidwa pa pulogalamu, ndipo akuti matumba atenthedwe. Ine ndinakhala chete. Lelo sinditelo. Duwa loyamba pa nkhatayo anadula ndi ambuya eni ake. Matumba ali m'chipinda changa, ndipo Loweluka likudzali sizasi ndigwila ndine.

Malemu asiya ana anai, adzukulu asanu ndi anai, ndi mlongo wao, a Godwin Njobvu. Tikuthokoza a mpingo, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi okonza njinga a pamsika amene ankawasungila machubu.

Ana inu mwabisala kumbuyoko, bwelani kutsogolo ndi nkhata yanu. Kumanda muyamba ndinu kuika, za kusitolo zibwele pambuyo.

Ambuya, usani mumtendele. Ntchito yanu sipita pamoto.