Mkono Wodyetsera Udzudzu

Pa siteji ya basi, mnyamata wina ankangokanda mkono wodzaza timatuza, maso ali kutali. Mayi wachikulire amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Mwananga, kwanu kulibe neti?"

"Ilipo, mayi. Udzudzuwu ndimachita kuupatsa ndekha mkono."

"Mutu ukuyenda bwino koma?"

"Ukuyenda. Kuyunivesite kuli katswiri wa sayansi, mtsikana ndithu. Amaweta udzudzu wokhala ndi mabakiteriya m'thupi, amene amaulepheretsa kufalitsa matenda. Kumene anakaumwaza, ana asiya kudwaladwala. Koma udzudzuwo kuti uikire mazira umafuna magazi."

"Ndiye dziko lonseli magazi okoma ndi ako okha?"

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Musauze munthu. Ndikalowetsa mkono m'bokosi la udzudzu, iye amandigwira dzanja kuti ndisagwedezeke. Ndikasiya kupitako, adzandigwiranso liti?"

"Unamuuza?"

"Munthu wotchuka ngati uja? Angandiseke, n'kundithamangitsa. Maso ake amangoona tizilombo basi."

"Wamagalasi, woseka ngati akutsokomola?"

Mnyamatayo anamuyang'anitsitsa mayiyo.

"Mukumudziwa?"

"Ndinamubereka ndine. Ndipo makina odyetsera udzudzu ali nawo, anandionetsa yekha. Amagwira ntchito bwinobwino."

"Makina? Nanga mkono wangawu amaufuniranji?"

"Basi ndi iyo ikubwera. Kwera, ukamufunse wekha. Ndipo siya kukandako, ine mkamwini wa zipsera sindimufuna."