Zitini za Malemu Mkazi Wanga

Abusa, akuluampingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Sindidziwa kuyankhula pagulu, mundipirire.

Ambiri mukudziwa kuti ndinataya mkazi wanga, Tadala, mu January. Ntchito yanga mwina simuidziwa. Ndimagwira pa munda wa kafukufuku kunja kwa Dublin, timayesa kanola, mbewu yamafuta yofanana ndi mpiru. Ina timafesa pa nthawi yake, kumapeto kwa August, ina mochedwa. Ina timaimana madzi dala pamene ikuchita maluwa, kuti tione mmene zokolola zitsikire. Womana madziyo ndine.

Tadala anatenga njere zotsala, akuti akufuna ndiwo zamasamba. Anafesa m'zitini kuseri kwa nyumba yomwe tinkachita lendi chipinda ku Ongar, pansi pa kadenga pomwe mvula sifika. Anafesa mu November, chifukwa kwathu ndi nthawi yodzala. Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti kuno November ndi chisanu, yochedwa imalowa m'nyengo yozizira isanakhwime mizu. Anangoti ine ndinawerenga mabuku, iye anakulira m'munda.

Atamwalira, amalume ake anaimba foni kuchokera ku Dedza. Anati katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka abale adzabwere kudzagawa. Ndinamvera. Zovala, nsapato, kapu yake, zitini zija, zonse ndinazisiya. Abale aja viza sinatuluke. Kenako landilodi, mwini nyumba, anati akuigulitsa, tituluke mu July. Ndisamuka bwanji osakhudza katundu?

Mukukumbuka chilimwe chino udzu unauma m'mapaki. Kuntchito, kanola yomwe ndinkaimana madzi inkayoyola maluwa, nyemba zake zochepa, zina zopanda kanthu. Koma ndikabwera kunyumba madzulo, dothi la m'zitini za Tadala lili lonyowa. Lonyowa, abale. Ndinkapisa chala. Maluwa achikasu ali mbuu, ndipo kapu yake, yomwe ndinkaisiya pashelefu, ndinkaipeza pambali pa zitini.

Ndinafunsa anzanga a m'nyumbamo ngati ndi iwo ankathirira, onse anakana. Ndinabweza kapu pashelefu. Mawa lake inali panja, muli timadzi pansi.

Ndinapita kukoleji ine, ndimadziwa kuti madzi sadzithira okha. Koma mumtima ndinati Tadala sanachoke, ndipo ndikasamuka ndimusiya yekha ndi alendo. Ndinasiya kufunafuna chipinda. Ndinasiya kubwera kuno. Abusa, munkaimba, foni ndinkangoiyang'ana.

M'nyumbamo munkakhala mayi wina wa ku Chipata, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Beaumont. Tsiku lina anandipeza nditaima pa zitini zija, nandiuza kuti poyamba paja anayankha zoona, sanathirirepo, koma sanamalize kunena.

“Achimwene, ndi inuyo. M'mawa uliwonse ndikamachokera ku shifiti ya usiku ndimakupezani pano ndi kapu ya alamu anga, mukuthirira, mukuyankhula nawo. Ndikakupatsani moni simuyankha.”

Ndinafunsa kuti ndimanena chiyani.

“Mumati, pepa, ndachedwa.”

Mpaka lero sindikumbukira ngakhale m'mawa umodzi. Ndinkachita zonsezi ngati munthu woyenda ali m'tulo. Munthu amene ndinkamuopa m'nyumba muja anali ine.

Mayiyu sanandisiye. Anandiperekeza kwa dokotala, anaitana abusa. Abusa anaimbira amalume, ndipo amalume anati sanadziwe kuti kuno nyumba amachita kukutulutsa. Anandimasula pa foni pomwepo, nati zovala nditumize, zitini ndi zanga. Banja lina mumpingo uno, sinditchula dzina, landipatsa chipinda ku Clondalkin. Nonse mukudziwa kuti chipinda mu Dublin sichipezeka.

Kanola ya Tadala inabereka pang'ono. Yofesa mochedwa imatero, pamenepo sindinaname. Koma sinasowe madzi pa nthawi ya maluwa, ndipo njere zake ndi izi, m'kapu yake yomweyi. Pamene ine ndinali nditafa mkati, Mulungu anadzutsa manja anga tsiku ndi tsiku kuti china chake chisafe.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza inu. Njerezi ndifesa mwezi uno wa August, ndili maso. Mwalira nane mokwanira, abale. Lero imirirani, mukondwere nane.