Nkhope ya pa Chitenge

Lamulungu m'mawa, pa siteshoni ya maminibasi ku Nangongwe, mnyamata wa tayi, Baibulo m'khwapa, anayang'anitsitsa mayi wina amene anavala bulauzi yoyera ya mpingo ndi chitenge cha chipani.

"Amai, muyenda ku tchalitchi na nkhope ya wandale m'chiuno?"

"Niyenda, mwana wanga. Nikachoka uko nipita ku maliketi."

"Kavuleni icho. Munthu sangasewenzele mabwana awili."

"Nikavula, anyamata a chipani azanipoka tebulo yanga yogulitsilapo nsomba za kapenta. Uzanidyetsela ana ndiwe?"

"Mulungu azapeleka."

"Anapeleka kudala, ni tebulo yamene iyo. Manje afuna niisunge."

"Koma mumukweza munthu uyu pamaso pa Mulungu."

Mayi uja anatembenuka, namuonetsa kumbuyo.

"Kumukweza? Yang'ana bwino pamene yagwela nkhope yake. Mtima ninapatsa Yesu, kumutu ninamanga duku ya mpingo. Uyu ninamupatsa malo yamene yanasala. Abusa athu sathamanga polalikila, benchi nayo ni yolimba, ndiye ine nimukhalila mpaka ameni."